Buku la John Ransom ndi Funso la Amene Adatsala ku Andersonville

M'chaka cha 1881, mumzinda wa Auburn m'chigawo cha New York, mmisiri wina wa ntchito yosindikiza, dzina lake John L. Ransom, adatulutsa buku limene adalitcha Andersonville Diary, Escape, and List of the Dead. Dzinalo likulonjeza zinthu zitatu: zimene mwini wake ankalemba tsiku ndi tsiku ali m'ndende ya asilikali, nkhani ya kuthaŵa kwake, ndiponso mndandanda wa maina a anzake amene adafera momwemo. Pamene bukuli lidasindikizidwanso m'chaka cha 1963, pamodzi ndi mau otsogolera a katswiri wa mbiri Bruce Catton, dzina lidafupikitsidwa nkukhala John Ransom's Diary, ndipo akufa aja adachoka pachikuto. Ambiri amaliŵerenga ngati nkhani ya mnyamata wolimba mtima amene ndende idamlephera. Ife taliŵerenga ndi funso limodzi lokha, limene Ransom mwini wake amabwererako kaŵirikaŵiri: pa anthu ogona pa dothi limodzi ndi kudya ufa umodzi, chifukwa chiyani wina adafa, wina nkukhala moyo? Yankho limene iye amapereka ndi pakamwa pake ndi lina, limene zochitika za m'buku lake zimapereka ndi linanso, ndipo phindu la bukuli lagona pa kusagwirizana kumeneku.

Tiyambe tafotokoza za malowo, pakuti si oŵerenga athu onse amene akuidziŵa bwino nkhondoyi. Kuyambira 1861 mpaka 1865 anthu a dziko la United States adamenyana okhaokha. Zigawo 11 za kumwera, zimene chuma chake chidatsamira pa minda yolimidwa ndi akapolo, zidapatuka ndi kukhazikitsa boma laolao. Poyamba mbali ziŵirizi sizinkasunga nthaŵi yaitali asilikali ogwidwa kunkhondo, ndipo m'Julayi 1862 zidapangana zoti zizisinthana akaidi. Panganolo lidasweka m'chaka cha 1863, a Kumpoto atayamba kulemba anthu akuda usilikali, pakuti a Kumwera adakana kuŵaŵerengera ngati akaidi a nkhondo: kwa iwo munthu wakuda wogwidwa ali ndi mfuti m'manja anali kapolo wogalukira mbuye wake. Kusinthana kutaima, ndende za mbali zonse zidasefukira. M'Ogasiti 1864 Ulysses S. Grant, mkulu wa ankhondo a Kumpoto, adaonjezapo chifukwa china chokanira, chakuti mkaidi aliyense wobwezedwa Kumwera adzatenganso mfuti.

Ndende ya Andersonville, m'chigawo cha Georgia, idatsekulidwa m'Febuluwale 1864 pofuna kupepuza ndende za mumzinda wa Richmond. Tikati ndende, oŵerenga asaganize za nyumba. Unali mpanda chabe wa mitengo ya paini yotalika pafupifupi mamita 5, imene akapolo a m'minda yapafupi adadula ndi kuimika, wozinga maekala 16 ndi theka. M'Juni adaukuza mpaka maekala 26 ndi theka. Denga panalibe, kupatula zimene munthu akadadzikonzera ndi bulangete, malaya ndi timitengo, kapena dzenje lodzikumbira. M'kati mwa mpandawo, pa mtunda wa mamita ngati 6, munali kampanda kena kakafupi kotchedwa dead line, ndipo wokapyola mlonda anali ndi chilolezo chomuombera. Kamtsinje kamodzi kankadutsa pakati, katayamba kadetsedwa kale pa misasa ya alonda ndi pa nyumba yophikira. Komweko nkomwera, komweko nkosambira, kumunsi kwake nkodzithandizira, mpaka magombe ake adasanduka chithaphwi chonunkha. Malo okonzedwera anthu 10,000 adasunga anthu opitirira 32,000 m'Ogasiti 1864. Pa miyezi 14 padaloŵa akaidi pafupifupi 45,000, ndipo pafupifupi 13,000 adafa, makamaka ndi kamwazi, kutsekula m'mimba ndi chiseyeye.

Ransom anali ndi zaka 20, sajeni woyang'anira katundu m'gulu la asilikali okwera pa akavalo la ku Michigan, pamene adagwidwa kufupi ndi Rogersville ku Tennessee m'Novembala 1863. Nyengo yachisanu adaithera pa chilumba cha Belle Isle ku Richmond, ndipo adafika ku Andersonville m'Malichi 1864. Luso lake polemba ndi la munthu wozoloŵera kutola zilembo chimodzichimodzi ndi kuziika m'mzere. Sakonda mau okuluŵika; amaŵerenga zinthu. Atiuza kukula kwa chibanthu cha mkate, kuchepa kwa nyemba, mtengo wa anyezi mmodzi, kusoŵa kwa nkhuni pakati pa nkhalango, ndi ntchito ya m'maŵa uliwonse yofwifwitha nsabwe m'misoko ya malaya. Nthabwala nazo sizimuthera: kagulu kake ka anthu odyera pamodzi adakatcha dzina la hotela yotchuka ya ku New York, Astor House. Mphekesera yakuti kusinthana kwayandikira imabwera, anthu nkusangalala, kenaka nkuzilala, ndipo Ransom amailemba ulendo uliwonse mosatopa, mpaka woŵerenga amayamba kudana nayo monga momwe akaidiwo adadanirana nayo. Pa zinthu zotere bukuli ndi lamphamvu, ndipo silifuna wina wolikometsera.

Vuto limayamba pamene mlembiyu aleka kuŵerenga nkuyamba kuphunzitsa. Chiphunzitso chake nchosavuta kuchigwira, pakuti amachibwereza m'buku monse: munthu azisamba, aziyendayenda, azisamala madzi akumwa, asamangokhala pansi nkumalingalira za kwao, ndipo koposa zonse asataye mtima, pakuti wotaya mtima ndiye amayamba kufa. Akaona mnzake wakhala chete, waleka kupha nsabwe, wayamba kukamba za chakudya cha mai ake, Ransom amadziŵiratu kuti ameneyo watsala masiku oŵerengeka, ndipo kaŵirikaŵiri amalondola. Sitikana kuti muli choona m'menemu. Aliyense amene adadwazikapo matenda aatali adziŵa kuti wodwala akaleka kufuna moyo, mankhwala amagwira movutikira. Ndiponso munthu ali m'kati mwa mpanda wotere ayenera kukhulupirira kuti pali kanthu kamene kali m'manja mwake, apo ayi sadzuka.

Koma chimene chimathandiza munthu kudzuka m'maŵa si chimodzimodzi ndi chifukwa chenicheni chimene anthu adafera. Chiseyeye chimadza thupi likasoŵa ndiwo zamasamba ndi zipatso kwa miyezi. Sichifunsa ngati munthu ali wansangala. Kamwazi ankachokera m'madzi aja ndi ntchentche. Ufa umene ankalandira unali wa chimanga chogayidwa pamodzi ndi zitsononkho, wosasefa, ndipo m'matumbo otupa kale unkangokhala ngati mchenga. M'mwezi wa Ogasiti wokha mudafa anthu pafupifupi 3,000, ndipo pa 23 Ogasiti padafa 127 tsiku limodzi. Kodi tinene kuti kulimba mtima kudachepa mwadzidzidzi mwezi umenewo? Chimene chidakula ndi kutentha, kuthithikana ndi utali wa nthaŵi imene matupi adakhala osalaŵa tsamba. Ndipo tikayang'ana amene anali ndi mwai woposa anzao, tipeza kuti ndi amene adaloŵa ndi ndalama kapena wotchi yogulitsa, masajeni ogaŵa chakudya amene ankalandira gawo loonjezera, ndi amene adatengedwa kukagwira ntchito kunja kwa mpanda, kophikira, kuchipatala kapena kumanda. Mnyamata wa kumudzi wofika wopanda bulangete, wopanda mnansi m'khamu lonselo, akadatha kusamba katatu pa tsiku nkufabe.

Chiphunzitso cha Ransom chili ndi mbola imene iye sadaione. Ukanena kuti ndidakhala moyo chifukwa sindidataye mtima, wanenanso kuti amene adafa adautaya. Nzeru imeneyi ndi ya abwenzi a Yobe, amene poona tsoka la mnzao adayamba kufufuza cholakwa mwa iye yemweyo, kuti dziko lioneke lolongosoka ndi kuti iwo agone tulo. Tikumbukire amene ankagula bukuli m'chaka cha 1881. Ambiri ankaligulira masamba akumapeto aja: mai wofuna dzina la mwana wake, mkazi wamasiye wofuna nambala ya manda a mwamuna wake. Atalipeza dzinalo nkubwerera kumasamba oyamba, ankaŵerenga mobwerezabwereza kuti olimba mtima ankapirira, ofooka mtima nkumagona pansi kudikira imfa. Ransom sadafune kupweteka anthu ameneŵa, ndipo pa anzake amene adamwalira amalemba mwachifundo. Komabe adaika mau aŵiriŵa m'chikuto chimodzi osazindikira kuti oyamba akuweruza achiŵiri.

Chimene chikuliombola bukuli nchakuti zochitika zake zikutsutsa chiphunzitso chake. Pofika Julayi ndi Ogasiti, Ransom amene adasunga malamulo ake onse adagwa ndithu. Mano adagwedera, miyendo idatupa, kuyenda kudakanika, ndipo zolemba za masiku amenewo zimanka zifupikirafupikira. Pamenepo mpamene pakuonekera munthu amene bukuli likadayenera kudziŵika naye. Ransom amamtchula dzina limodzi lokha, Battese, natiuza kuti anali wa ku Minnesota, wa mtundu wa eni dziko oyamba a ku America, aja azungu ankaŵatcha Amwenye. Anali wamkulu thupi, wosalankhulalankhula. Kagulu kao kanali ndi kamalonda kochapira anthu zovala ndi kumeta tsitsi, malipiro ake nkukhala chakudya, ndipo ntchito yolemetsa pamenepo ankaigwira ndi Battese. Ndiye amene ankakumba mizu ndi kuiŵiritsa kuti wodwalayo amwe, ndiye ankamsambitsa ndi kumdyetsa. Kusamba kuja kumene Ransom amakutama ngati chinsinsi cha moyo, m'masabata oopsa kwambiri ankamchitira ndi manja a munthu wina.

Kenaka padafika za pachipata. Mzinda wa Atlanta utagwa m'manja mwa William T. Sherman kumayambiriro kwa Sepitembala 1864, a Kumwera adaopa kuti akaidi angamasulidwe, nayamba kuŵasamutsira ku Savannah, Charleston ndi kwina. Lamulo linali lakuti apite okhawo otha kuyenda. Osatha kuyenda atsale, ndipo kutsala panthaŵi imeneyo kunali pafupi ndi kufa. Ransom sankatha kuima. Monga akufotokozera mwini wake, Battese adamnyamula mpaka pachipata, namuimika pakati pa mzere anzake atamchirikiza, kotero kuti oyang'anira adamuŵerengera pamodzi ndi oyenda. Ku Savannah adagonekedwa m'chipatala, Battese nakhala womdwazika mpaka adayamba kupeza bwino. Pambuyo pake adalekana, ndipo Ransom akuvomera kumapeto kwa buku kuti ngakhale adalemba makalata ndi kufunsafunsa, sadamvenso za iye. Tsono apa pali munthu amene adatuluka m'ndende chifukwa cha bodza lachifundo la anzake, atanyamulidwa ngati thumba la ufa. Tsiku lomwelo padatsala ena odwala chimodzimodzi, amene mtima wao sunali wochepa kuposa wake, koma analibe woŵanyamula. Akuluakulu adati kali kokha nkanyama. Ku Andersonville mauŵa anali ndi chiŵerengero chake cha tsiku ndi tsiku.

Ransom amathokoza, ndipo sabisa kuti popanda Battese akadafa. Chimene tikumdandaula nacho nchakuti kuthokozako sikusintha maganizo ake, ndiponso kuti alibe chidwi chenicheni ndi munthuyo. Amamjambula ngati mtengo wamthunzi: wamphamvu, wachete, wopezeka pamene ukufunika. Chifukwa chimene munthu wotere adavalira yunifomu ya boma la Washington sichimdetsa nkhaŵa mlembiyu, chonsecho m'Disembala 1862, ku Mankato m'chigawo chomwecho cha Minnesota, boma lomwelo lidanyonga anthu 38 a fuko la Dakota tsiku limodzi. Woŵerenga wa kuno kwathu adzamzindikira msanga munthu wotereyu, pakuti m'mabuku a azungu oyenda maulendo mwadzaza onyamula katundu okhulupirika amene amapulumutsa bwana, dzina lao nkukhala limodzi lokha.

Za kuthaŵa tinene mwachidule, ngakhale ndizo zimakoma kuŵerenga. Akaidi ankakumba mauna kuyambira m'misasa yao, ena ponamizira kukumba zitsime, dothi nkumakalitaya pang'onopang'ono kudambo. Mauna ambiri ankaululika asanathe, chifukwa panjala yotere sipankasoŵa munthu wogulitsa chinsinsi ndi chakudya kapena fodya, ndipo amene adatulukira kunja ankalondoledwa ndi agalu. Zolembedwa za a Kumwera zikuonetsa othaŵa 351, osakwana mmodzi pa anthu 100 alionse, ambiri mwa iwo nkugwidwanso. Ndipo ochuluka adathaŵira pa ntchito za kunja kwa mpanda, osati pa una. Nkhani yotchuka ya kuthaŵa m'nkhondo imeneyi ndi ya ku ndende ya Libby ku Richmond, kumene usiku wa pa 9 Febuluwale 1864 akuluakulu a asilikali 109 adatulukira pa una wokumbidwa motsogozedwa ndi Thomas E. Rose, 59 adakafika kwao, 48 adagwidwanso, aŵiri adamira m'madzi. Koma aja anali maofisala, okhala m'nyumba, ndipo ankhondo ao sanali kutali. Msilikali wamba wa ku Andersonville, wotupa miyendo, pakati pa Georgia, analibe kothaŵira. Ransom mwini wake akusimba kuti adayesa pa una m'Epulo nagwidwa. Kuthaŵa kumene kudatheka kudachitika miyezi yambiri pambuyo pake, atachira ku Savannah, podumpha m'sitima yosamutsa akaidi. Ulendo woyamba adagwidwanso, wachiŵiri adakakumana ndi ankhondo a Sherman m'Disembala 1864.

M'gawo limeneli kalembedwe kamasintha. Masiku amatalika, nkhani imathamanga, ndipo mlembi amaoneka kuti wapeza mtundu wa nthano umene oŵerenga ake ankaukonda. Komabe ngakhale pano, woŵerenga mosamala adzaona kuti othaŵawo sakudzidyetsa okha. Amene akuŵapatsa chakudya usiku, kuŵabisa ndi kuŵalozera njira, kaŵirikaŵiri ndi akapolo a m'minda ya Georgia, anthu amene akadagwidwa akadalangidwa koposa mkaidi wothaŵayo. Paja akaidi ambiri achizungu ankaŵiringula kuti boma lao likuŵasiya kuti afe chifukwa cha nkhani ya asilikali akuda. Anthu a mtundu womwewo ndiwo adamanga mpanda mokakamizidwa, ena a iwo anali akaidi m'kati mwake atagwidwa pa nkhondo ya ku Olustee ku Florida, ndipo ndiwonso ankatsekula zitseko za tinyumba tao usiku. Bukuli lili nazo mbali zonsezi, koma silizilumikiza.

Palinso chinthu china chimene chikadamchenjeza Ransom za chiphunzitso chake. M'ndendemo munali gulu la akaidi otchedwa Raiders, amene ankalanda anzao zovala, ndalama ndi chakudya, makamaka ofika kumene, ndipo ena ankaŵapha. Ngati funso lili la kufunitsitsa moyo basi, aŵa ndiwo adakhoza mayeso: anali onenepa, ovala bwino, osataya mtima. Kumapeto kwa Juni akaidi ena adadzisonkhanitsa naŵagwira, mololedwa ndi mkulu wa ndende Henry Wirz. Adaŵazenga mlandu okha, ndipo pa 11 Julayi 1864 adanyonga asanu ndi mmodzi m'kati mwa mpanda, khamu lonse likupenya. Chingwe cha mmodzi chidaduka, namkwezanso. Ransom akusimba zimenezi ngati chilungamo chimene chidabweretsa bata, ndipo sitingamtsutse mopepuka, ife amene sitidagonepo tikuopa chibonga cha mnzathu. Koma sadadzifunse kuti chimasiyanitsa Battese ndi anthu aja nchiyani, popeza onse anali amphamvu ndipo onse ankafuna kukhala moyo.

Amene adapempha khamulo kuti liŵachitire chifundo onyongedwawo, koma osamveredwa, anali wansembe, Bambo Peter Whelan a dayosizi ya Savannah, obadwira ku Ireland m'chaka cha 1802. Adafika pa 16 Juni 1864, otumidwa ndi Episkopi Augustin Verot, nakhala pafupifupi miyezi inai akuloŵa mumpandamo tsiku ndi tsiku, kukwaŵira m'maenje kukamva kulapa kwa anthu ndi kudzoza odwala. Kumayambiriro kwa 1865 adakongola madola 16,000 a ndalama za Kumwera nagula ufa wa tirigu wophikira akaidi mkate. Sitikuŵatchula pofuna kukometsa mbiri ya Eklezia m'nkhondoyi, pakuti mtima wa Bambo Whelan unali ndi a Kumwera, adatumikirapo ankhondo ao, ndipo pa mlandu wa Wirz adaitanidwa ndi mbali yomteteza. Tikuŵatchula chifukwa nthaŵi yao adaithera pa anthu aja amene chiphunzitso cha Ransom chidaŵaŵerengera kale kuti atha, ogona chete osathanso kupha nsabwe. Amene adaiona ndendeyo kuchokera m'maenje amenewo akadalemba buku losiyana kwambiri ndi limene tili nalo. Koma mabuku a m'ndende amalembedwa ndi otuluka.

Tsono tifike pa nkhani imene woŵerenga wa lero sangailambalale: kodi zimenezi zidalembedwadi m'ndende? Ransom adati zolemba zake zenizeni zidapsa ndi moto, ndipo nkhaniyi idayamba yatuluka m'nyuzipepala ya ku Jackson, Michigan, isanakhale buku. M'chaka cha 1994 katswiri wa mbiri William Marvel, m'buku lake Andersonville: The Last Depot, adaonetsa kuti maina ndi masiku ena a Ransom sagwirizana ndi zolembedwa za boma, naganiza kuti zambiri zidalembedwa nkhondo itatha kale. Nthaŵi imene bukuli lidatuluka inalinso yoti akaidi akale ankapempha boma penshoni, ndipo andale a Kumpoto ankapindula pokumbutsa anthu nkhanza za Kumwera. Motero si nzeru kulitenga ngati kaundula wa tsiku ndi tsiku. Ndi chikumbumtima ndi chikumbukiro cha munthu wa zaka pafupifupi 40 zovekedwa malaya a mnyamata wa zaka 20. Kwa ife zimenezi zikufotokoza bwino chiphunzitso chija. Mau akuti ndidapirira chifukwa cha khalidwe langa ndi mau a munthu amene wakhala zaka 17 akudzifunsa chifukwa chimene iye ali moyo pamene anzake ali m'manda, ndipo wapeza yankho lomlola kugona. Chodabwitsa nchakuti munthu amene anali ndi ufulu wonse wodzikometsera nkhani adasiyamo chithunzi chake atanyamulidwa pachipata.

Kukayika komweku kukhudzanso m'mene bukuli likumuonetsera Wirz, ngati chilombo chimene zoipa zonse zidachokera kwa icho. Wirz, wobadwira ku Zurich, anali munthu waukali ndi wa pakamwa poipa, ndipo zilango zake za unyolo ndi matangadza zinali zankhanza. Adazengedwa mlandu ndi bwalo la asilikali lotsogozedwa ndi Lew Wallace, nanyongedwa ku Washington pa 10 Novembala 1865. Koma sindiye adasankha malowo, sindiye ankatumiza masitima odzaza akaidi, ndipo mkulu wake John H. Winder adafa m'Febuluwale 1865 asanayankhe mlandu uliwonse. Ndende za Kumpoto, kumene chakudya sichinkasoŵa m'dziko, nazonso zidapha: ku Elmira, New York, pa akaidi a Kumwera pafupifupi 12,000 padafa pafupifupi 3,000. Onse pamodzi, anthu ngati 56,000 adafera m'ndende za mbali ziŵirizi. Kuloza munthu mmodzi woipa kuchita ntchito yofanana ndi kutama kulimba mtima kwa wopulumuka: zonse ziŵiri zimachotsa maso pa maboma aŵiri amene ankadziŵa zimene zinkachitika, lina nkumapitiriza kuthira anthu mumpanda, lina nkumaŵerengera phindu la kuŵasiya momwemo.

Gawo lachitatu la bukuli, limene dzina la 1963 lidalichotsa pachikuto, si ntchito ya Ransom, ndipo mkaidi mmodzi wodwala sakadatha kulisonkhanitsa. Maina a akufa a ku Andersonville tikuŵadziŵa makamaka chifukwa cha Dorence Atwater, mnyamata wa ku Connecticut wa zaka 19, mkaidi amene adapatsidwa ntchito yolemba kaundula wa imfa ku chipatala cha ndendeyo. Poopa kuti kaundulayo adzatayika kapena kubisidwa, adakopera wake mobisa natuluka naye. M'Julayi ndi Ogasiti 1865 adabwererako pamodzi ndi Clara Barton ndi gulu lotumidwa ndi boma, nagwirizanitsa maina ndi manambala a pa zikhomo za kumanda, kotero kuti manda 460 okha ndiwo adatsala osadziŵika mwini wake. Malipiro ake adakhala mlandu: atakangana ndi akuluakulu a asilikali za mwini wa mndandandawo, bwalo la asilikali lidamtsekera m'ndende ya ku Auburn, mzinda womwe uja kumene buku la Ransom lidadzatulukira patapita zaka 16. Atamasulidwa adaupereka ku nyuzipepala ya New York Tribune, imene idausindikiza m'chaka cha 1866.

Mndandandawu sufotokoza kanthu ndipo suweruza munthu. Pa munthu aliyense upereka dzina, gulu lake la usilikali, tsiku la imfa ndi nambala ya manda, ndipo aliyense alandira mzere umodzi wofanana ndi wa mnzake. Tikadakhala ife osindikiza, tikadauika patsogolo, kuti woŵerenga ayambe watopa ndi maina asanamve malangizo a kusamba ndi kuyendayenda. Kumandako akufa adaikidwa m'ngalande zazitali, phewa ndi phewa, nchifukwa chake miyala ya pamanda idayandikana mpaka kutsala pang'ono kukhudzana. Asanu ndi mmodzi onyongedwa aja okha ndiwo adaikidwa paokha, potero ndi anzao. Manda a nambala 1 ndi a Adam Swarner, wa gulu la okwera pa akavalo la ku New York, amene adafa pa 27 Febuluwale 1864, mpanda usanathe nkumangidwa komwe.